Pa gawo loyamba la Dexter, tisamangowerenga magazi

Akonzi,

Tipatseniko danga tilankhulepo pa mkangano umene sukuzirala pakati pa anthu okonda masewero a pa kanema a magawo ambiri, makamaka aja a munthu wopha anzake motsatizana. Titenga sewero limodzi la ku America, Dexter, chifukwa ngakhale linayamba kalekale, pa 1 Okutobala 2006 pa kanema wa Showtime, likuyendabe m'mafoni ndi m'mafulashi, ndipo woliona koyamba satha kukhala chete. Ena amati gawo loyamba ndi lonyansa, anazimitsa lisanafike pakati. Ena amati palibe chodandaulitsa, magazi ake ndi ochepa poyerekeza ndi mafilimu a nkhondo amene ana amaonera tsiku ndi tsiku. Mbali zonse ziwirizi zikuyeza ndi muyeso umodzi, wa magazi. Ife tikuti pagona nkhani si pamenepo. Woonera adzifunse kuti kamera yamukhazika pambali pa yani, ndipo yachita zotani kuti iye avomere kukhala pamenepo.

Gawo loyamba, limene eni ntchitoyi amalitcha pilot, silifanana ndi magawo ena. Ndi cholawitsa, ngati kachidutswa ka chinanazi kamene wogulitsa amakupatsa kuti ugule chonse. Mwambo wa makanema a ku America ndi wakuti kampani imalipira gawo limodzi lokha, ikaliona ndi pamene imagamula ngati itulutse ndalama za magawo ena. Isanagamule, nthawi zambiri imasonkhanitsa anthu wamba m'chipinda, ku Los Angeles kapena ku Las Vegas, n'kupatsa aliyense kachipangizo kopotokola. Akasangalala amapotokolera mbali ina, akatopa kapena kunyansidwa amapotokolera mbali inayo, ndipo kompyuta imajambula mzere wosonyeza pamene mitima inakwera ndi pamene inagwa. Akamaliza amawafunsa kuti ndi ndani m'seweromo amene amukonda, ndi ndani amene angafune kumuonanso sabata yamawa. Tsono taganizani wolemba amene mwini nkhani wake ndi wakupha. Akudziwa kuti akalephera kumukondetsa kwa anthu m'mphindi khumi zoyambirira, ntchito yonse yafera m'mazira. Tsamba limodzi la sewero lolembedwa limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa kanema, ndiye kuti ali ndi masamba khumi okha oti asinthire mtima wa munthu amene anaphunzitsidwa kuyambira ali mwana kuti kupha ndi tchimo.

Taonani mmene olemba Dexter anagwiritsira ntchito masambawo. Gawolo analemba James Manos Jr., kuchokera m'buku la Jeff Lindsay la mu 2004, ndipo anatsogolera kujambula ndi Michael Cuesta. Likuyamba usiku mumzinda wa Miami. Dexter Morgan, amene amaseweredwa ndi Michael C. Hall, akuzembera bambo wina wotsogolera kwaya ya ana, bambo wooneka wolemekezeka, wa banja lake. Akumugwira m'galimoto, kumukakamiza kuyendetsa mpaka kutchire. Pamenepa woonera ali ndi mantha, ndipo chisoni chake chili pa bambo wa kwayayo. Kenaka Dexter akumuonetsa mitembo ya anyamata aang'ono imene waifukula, ana amene bamboyo anawapha. Mtima wa woonera umatembenukira pomwepo. Mantha aja asanduka mpumulo, mpumulo wasanduka chilolezo. Dongosolo limeneli silinangochitika. Akanayamba ndi mitembo ya ana, ikanakhala nkhani wamba yobwezera. Akanasankha wophedwa wina, monga wakuba kapena wachinyengo, theka la oonera likanati chilango chaposa mlandu. Anasankha wopha ana chifukwa ndi yekhayo amene palibe angamuikire kumbuyo.

Kupha kwenikweniko kamera sikuonetsa kwambiri. Tikuona chipinda chokutidwa ndi mapulasitiki, munthu womangidwa pathebulo, kachilonda patsaya, ndi dontho limodzi la magazi likuikidwa pa kagalasi. Zotsalazo woonera amadzijambulira yekha m'mutu, n'chifukwa chake anthu ambiri amalumbira kuti anaona zinthu zimene m'gawomo mulibe. Kukacha dzuwa lawala, Dexter ali m'boti lake panyanja, kenaka akulowa ku ofesi ya polisi kumene amagwira ntchito, atanyamula bokosi la madonasi, akugawira anzake. Pali mlongo wake Debra, wapolisi wofuna kukwezedwa kuti alowe m'nthambi yofufuza milandu ya kupha, amene amadalira nzeru za mchimwene wake. Pali Rita, mayi wa ana awiri amene mwamuna wake ankamuzunza, ndipo Dexter akusewera ndi anawo mokoma mtima. Pali zokumbukira za ubwana, bambo womulera Harry, wapolisi, atapeza dzenje la mafupa a ziweto zimene mwanayo anapha, n'kuyamba kumuphunzitsa kuti chilakolako chakecho azichilozetsa kwa oipa okha. Chilichonse mwa zimenezi ndi njerwa, ndipo zonse zikumanga khoma limodzi.

Chida champhamvu kuposa zonse ndi mawu a mumtima. Gawo lonse Dexter akulankhula ndi ife tokha, anzake osamva. Akutiuza kuti kumwetulira kwake ndi kwachiphamaso, kuti mkati mwake mulibe kanthu. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo olemba masewero amadziwa kuti munthu amene wakuululira chinsinsi chake umayamba kumusungira. Umboni wake ndi Sajeni Doakes. M'gawo lonselo, ndi iye yekha pa polisipo amene akuona kuti Dexter ali ndi vuto. Akulondola. Koma anamulemba waukali, wotukwana, wamwano, ndipo mukafunsa amene angomaliza kuonera kuti ndi ndani wawanyansa, ambiri atchula iyeyo. M'mphindi zopitirira pang'ono 50, sewero lakwanitsa kudanitsa woonera ndi munthu wonena zoona, n'kumukondetsa wabodza. Ndi luso lalikulu, sitikukana, ndipo Hall anasewera mbali yake bwino kwambiri. Koma woonera adziwe kuti amuchita zimenezi.

Pamene ife tikuona cholakwa chenicheni ndi pa azimayi ophedwa. Kuti Dexter aoneke wabwinoko, pamafunika wina woipitsitsa, ndiye gawolo likubweretsa wakupha wachiwiri amene akusiya matupi a azimayi oyendayenda atawaduladula, opanda ndi dontho lomwe la magazi. Dexter akafika pamalopo sakumva chisoni, akusirira ukhondo wa ntchitoyo, ndipo poti tili m'mutu mwake, nafenso tikusirira. Akuganizira kuti wakuphayo akugwiritsa ntchito galimoto yokhala ndi firiji. Pamapeto akupeza kachidole koduladula m'firiji ya kunyumba kwake, ngati kalata yomuitanira kumasewera, ndipo woonera akuthamangira gawo lachiwiri. Nanga azimayi aja? Gawolo silitipititsa pa siwa, silitionetsa mayi wolira mwana wake, silitiuza amene anatsala osadya kunyumba. Asanduka chithunzithunzi choti anthu anzeru achimasulire. Amene amati magazi ndi ochepa akunena zoona, matupiwo alibe magazi n'komwe. Koma kuchotsa magazi n'kumene kwathandiza kuchotsa umunthu wa wophedwayo. Thupi lotuluka magazi limakumbutsa kuti uyu anali munthu wamoyo.

Zimenezi si zamasewera, chifukwa m'moyo weniweni ndi azimayi oterewa amene amaphedwa osawerengedwa. Gary Ridgway wa ku Washington anavomera mu 2003 kuti anapha azimayi 48, ndipo ananena m'khoti kuti ankasankha oyendayenda podziwa kuti akasowa palibe angakanene msanga. Pamene Netflix inatulutsa sewero la Jeffrey Dahmer mu Seputembala 2022, munthu amene anapha amuna ndi anyamata 17 pakati pa 1978 ndi 1991, abale ena a ophedwa anadandaula poyera kuti palibe anawafunsa, anangoona chisoni chawo chikugulitsidwa. Dexter ndi nkhani yopeka, palibe banja lenileni limene likulira nayo, koma chizolowezi chimene imaphunzitsa maso ndi chomwecho.

Pali chochitika china chosonyeza kuti muyeso wa magazi ndi wosathandiza. Usiku woyamba pa Showtime, kanema wolipira wopanda zotsatsa malonda, gawoli linaonedwa ndi anthu ongopitirira 600,000. Mu Novembala 2007 olemba masewero ku America ananyanyala ntchito, makanema akuluakulu anasowa zatsopano, ndipo mu Febuluwale 2008 CBS, kanema wofika m'nyumba iliyonse, anayamba kuonetsa Dexter. Anadula zotukwana, anachepetsa zithunzi zoopsa, anafupikitsa kuti zotsatsa malonda zilowe, n'kutsitsa chizindikiro cha msinkhu kuchoka pa TV-MA, cha akuluakulu okha, kufika pa TV-14. Oonera anafika pafupifupi 8 miliyoni. Bungwe la makolo la Parents Television Council linatsutsa mwamphamvu, ndipo dandaulo lake lalikulu linali lakuti sewerolo limachititsa woonera kuchemerera wakupha kuti asagwidwe. Munthu akhoza kusagwirizana ndi bungwelo pa zambiri, koma apa linaloza pamalo oyenera. Lumo la wodula filimu limachotsa mawu oipa ndi chithunzi cha bala, koma silingachotse bambo wa kwaya uja, madonasi aja, kapena mawu a mumtima aja. Mwana wa zaka 14 anapatsidwa phunziro lonse, analandidwa chabe chimene chikanamuchenjeza.

Tinenenso mwachidule kuti phokoso la usiku woyamba silinena za moyo wa sewero. Taonani masewero ena a opha anthu motsatizana. The Following ya kanema wa Fox, yoseweredwa ndi Kevin Bacon, inayamba mu Janyuwale 2013 ndi oonera opitirira 10 miliyoni, patangotha mwezi umodzi chichitikireni kuomberedwa kwa ana pasukulu ya Sandy Hook ku America, ndipo inadzudzulidwa chifukwa cha nkhanza zake. Inatha mu 2015. Wicked City ya ABC anaichotsa mu 2015 itangoonetsa magawo atatu. Hannibal ya NBC anaiyamikira olemba ndemanga, koma kanema wa KSL ku Salt Lake City anasiya kuionetsa patangopita masabata ochepa. Dexter, amene anayamba ndi ochepa aja, anafika magawo 96 mu 2013. Kusiyana kwake sikunali kuti wina anathira magazi ambiri kuposa mnzake.

Pali oonera ena amene amatuluka m'gawo loyambali akunena kuti aphunzira mmene apolisi amagwirira ntchito. Apa tichedwepo, chifukwa ndi pamene zoona ndi zopeka zasakanikirana kwambiri. Ntchito ya Dexter, yowerenga madontho a magazi pamalo a mlandu, iliko ndithu. Maziko ake ndi osavuta. Dontho likagwa choongoka pamalo osalala limasiya chizindikiro chozungulira. Likagwa chopendekera limatalika, ndipo kamchira kake kamaloza kumene limapita. Katswiri amayeza m'lifupi ndi m'litali mwa donthalo, n'kugawa. Ngati m'lifupi ndi theka la m'litali, ndiye kuti linagunda pa madigiri 30. Akachita zimenezi pa madontho ambiri, amamanga ulusi kuchokera pa lililonse kubwerera kumene linachokera, ndipo pamene ulusiwo ukukumana ndi pamene panali bala. Ulusi wofiira umene mukuuona m'gawomo ndi umenewo.

Koma ulusi umaongoka, pamene dontho la magazi likamauluka limapindikira pansi ngati mwala woponyedwa. Chifukwa cha ichi ulusi umaloza pamwamba kuposa pamene bala linali, ndipo munthu amene anamenyedwa atagwada akhoza kuoneka ngati anali chiimirire, zimene zingasinthe mlandu wonse. Khoma losakhala losalala, nsalu kapena simenti zimasintha maonekedwe a dontho. Ntchentche zikadya magazi zimasiya timadontho tofanana ndi ta kumenyedwa. Munthu wovulala m'chifuwa akatsokomola amawaza timadontho ting'onoting'ono timene ena amatisokoneza ndi ta mfuti. Achibale ndi opulumutsa anthu amaponda, kunyamula ndi kukumbatira thupi apolisi asanafike. Mu 2009 bungwe la National Academy of Sciences ku America linatulutsa lipoti lonena kuti zokayikitsa m'ntchitoyi ndi zazikulu kwambiri, ndipo zonena za akatswiri ake zimatsamira pa maganizo awo kuposa pa sayansi. David Camm, amene anali wapolisi ku Indiana, anakhala m'ndende zaka 13 pa mlandu wopha mkazi wake ndi ana ake awiri, umboni waukulu uli timadontho tisanu ndi titatu pa malaya ake. Akatswiri ena ankati ndi ta mfuti, ena ankati tinabwera pamene ankanyamula mwana wake m'galimoto. Khoti linamupeza wosalakwa mu 2013. Dexter amalowa m'chipinda, kuyang'ana kamodzi, n'kufotokoza zonse popanda kuphonya. Katswiri weniweni woona mtima amanena zimene sizikanatheka, ndi zingapo zimene zikanatheka, basi.

Izi zikutifikitsa kwa oonera amene akutidetsa nkhawa kuposa onse, aja amati munthu ngati Dexter akufunika kuno, athane ndi zigawenga zimene zimatuluka pa belo. Timamva kuwawa kumene kuli kumbuyo kwa mawuwa. Koma taonani chimene chikuchititsa kuti chilungamo cha Dexter chioneke choyera. Lamulo la Harry limati utsimikize kaye. M'gawo loyamba munthu wachiwiri amene Dexter akumusaka, akumupezera umboni wa vidiyo, wosakanika. Umboniwo anauika pamenepo ndi wolemba, amene akudziwa wolakwa chifukwa anamulenga yekha. Kunja kwa kanema kulibe wolemba wotero. Kuli mphekesera, nsanje, nkhope zofanana ndi mdima. Ngakhale sewerolo lenilenilo linavomereza zimenezi mochedwa, m'chaka chake chachinayi, pamene Dexter anapha wojambula zithunzi amene pambuyo pake anapezeka kuti sanali wakupha. Woonera wa kuno akaona matupi opanda magazi aja sangalephere kukumbukira mphekesera ya anamapopa ya mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Amene anapha anthu nthawi imene ija nawonso ankati atsimikiza.

Ndipo wopha anthu motsatizana amene amasankha oipa okha sapezekapezeka m'mabuku a makhoti. FBI, nthambi ya boma la America yofufuza milandu ikuluikulu, pa msonkhano wake wa mu 2005 ku San Antonio, inagwirizana kuti dzinali likutanthauza munthu amene wapha awiri kapena kuposerapo pa nthawi zosiyana. Mukawerenga milandu ya anthu oterewa mupeza kuti amasankha wofooka. Moses Sithole wa ku South Africa, amene anamupeza wolakwa mu 1997 pa milandu 38 ya kupha, ankanyengerera azimayi osowa ntchito powalonjeza kuti akawalemba. Dennis Rader wa ku Wichita, ku America, amene anapha anthu 10 pakati pa 1974 ndi 1991, kuphatikizapo ana, anali mtsogoleri wa khonsolo ya mpingo wake pamene ankamugwira mu 2005. Chinthu chimodzi chimene gawo loyamba la Dexter linalondola ndi chimenechi, kuti munthu wotere amabisala m'maonekedwe aulemu. Koma pa anthu awiri aja a usiku woyamba, amene akufanana ndi zenizeni ndi bambo wa kwaya, osati womugwira.

Sitikunena kuti woonera sewero amasanduka wakupha. Anthu amakonda kutchula Mark Twitchell wa ku Edmonton, ku Canada, amene ankatengeka ndi Dexter ndipo anapha munthu mu 2008. Ndi mlandu woona, koma mamiliyoni anaonera osavulaza ndi nkhuku yomwe, ndipo kulozera kanema chala pa mlandu wotere kumapeputsa udindo wa wochitayo. Sitikupemphanso kuti sewerolo aliletse. Munthu wamkulu akhoza kulionera, kusangalala nalo, n'kumaona pamene akumukokera. Chimene chimatayika pang'onopang'ono, osazindikira, ndi kunyansidwa ndi munthu wodziweruzira yekha mlandu.

Pempho lathu kwa inu, Akonzi, ndi lakuti tsamba lanu la zisangalalo liziunika masewero oterewa, ndipo wolembayo asamangoti ndi lokoma kapena ndi loopsa. Atchule chizindikiro cha msinkhu chimene eni ake anaika, chifukwa sewero likadutsa m'malo okopera mafilimu n'kulowa m'fulashi kapena m'memori khadi, limafika lili dzina lokha, chenjezo litatsala m'njira. Anene nkhaniyo ikuoneka kudzera m'maso mwa yani, ndiponso ngati ophedwa ali ndi mayina ndi abale. Makolo amene ali ndi DStv kapena Netflix akhoza kutseka masewero a akuluakulu ndi nambala yachinsinsi ya manambala anayi, koma nambalayo siigwira fayilo imene mwana walandira kwa mnzake pafoni, ndipo sifika m'nyumba zoonetsera mavidiyo kumene ana a pulayimale amalowa ndi ndalama yochepa. Kumeneko chothandiza ndi chakuti wamkulu aonere yekha mphindi khumi zoyambirira za gawo loyamba asanalole, chifukwa zonse zimene sewerolo likufuna kuchita ndi mtima wa woonera zimaonekera m'mphindi zimenezo. Ngati mwanayo waonera kale, mufunseni kuti Sajeni Doakes akumuona bwanji.

Owerenga anu okonda masewero,
Zomba